Agogo Njerwa ndi Galu wa Khutu Limodzi

Kwa mayi athu ofedwa, ana, adzukulu ndi abale onse a malemu. Kwa madokotala, anamwino ndi onse ogwira ntchito pa chipatala chathu. Ndiponso kwa aliyense amene uthenga uno umufike.

Ife a Bungwe la Makolo a Ana a mu Wodi ya Zotupa talandira ndi mantha aakulu, ndi chisoni chosowa nacho mawu, uthenga wakuti bambo athu, katswiri wa mawerengero a pakompyuta amene ana athu ankawatcha Agogo Njerwa, atisiya mwadzidzidzi atagwa pamalo okwerera basi ali pa ulendo wobwera kuntchito. Uthengawu unatipeza tili pa mabenchi a m'khonde, pamene timakhala m'mawa uliwonse kudikira kuti ana athu aitanidwe, ndipo namwino wamkulu atatha kulankhula panalibe ndi mmodzi yemwe amene analira msanga. Tonse tinatembenukira ku kachitseko kobiriwira ka kumapeto kwa khonde, kolowera m'kachipinda ka malemu, ngati kuti katseguka n'kutulukamo munthu wa jekete lothina m'mapewa uja kudzatiuza kuti namwino walakwitsa. Sitikubisirani, amayi: chisoni chinabwera pambuyo, chimene chinayamba kutifika ndi mantha. Mutikhululukire, ndipo mukawerenga mpaka kumapeto mumvetsa chifukwa chake.

Ambiri odutsa m'khonde lathu sankadziwa ntchito ya malemu, ndipo ngakhale ife tinaidziwa mochedwa. Ana athu amathandizidwa ndi makina a cheza, amene amalasa chotupa ndi kuwala kosaoneka ndi maso. Mwana asanagone pansi pa makinawo, kompyuta imayamba yawerengera kuti chezacho chilowere mbali iti, chilekezere pati, ndiponso chilambalale chiyani, pakuti pafupi ndi chotupa pamakhala diso, kapena khutu, kapena mtsempha umene mwana amayendera. Mawerengero onsewo amachitikira pa matebulo a manambala, a mizere yopingasa ndi mizere yotsika, aakulu moti munthu sangawalembe ndi manja ngakhale atapatsidwa moyo wachiwiri. Kunsi kwa pulogalamu yaikulu imene madokotala amaona pa sikirini kuli timapulogalamu ting'onoting'ono, kalikonse ndi ntchito yake imodzi: kena kamaphatikiza mzere ndi mzere, kena kamachulukitsa tebulo ndi mzere, kena tebulo ndi tebulo linzake. Timapulogalamu timeneti malemu ankati ndi njerwa, chifukwa tili ndi muyeso umodzi ndi mayina ofanana kulikonse, kotero kuti womanga pulogalamu saumbanso zake, amangoitana njerwa ndi dzina lake n'kumangira pamwamba. Dzina la Agogo Njerwa linachokera pamenepo.

Ndi iwo amene anasema njerwazi kuti zithamange pa kompyuta yathu yokalamba, podula matebulo aakulu m'tizidutswa tokwana m'manja mwa kompyutayo nthawi imodzi. Ndipo tikawafunsa ankatilozera namwino wonyamula thireyi, n'kunena kuti wanzeru amatenga mankhwala a mzere wonse wa mabedi ulendo umodzi, sabwerera ku kabati pa piritsi lililonse. Chifukwa cha iwo, mawerengero amene ankadya tsiku lathunthu anayamba kutha chakudya cha masana chisanafike, mzere wa ana odikira unafupika, ndipo makolo ochokera kutali analeka kugona pa mabenchi sabata yonse kudikira yankho. Njerwa zawo anazipereka kwaulere kwa olosera za nyengo ndi kwa oyeza mphamvu ya milatho, amene ambiri a iwo sanaionepo nkhope yawo. Ophunzira amene anadutsa m'kachipinda kaja lero ali m'maofesi aakulu, ndipo onse amakumbukira lamulo limodzi la malemu, lomwe ankalinena akugogoda tebulo ndi chala: liwiro pambuyo, choonadi patsogolo.

Koma ife makolo tinawadziwira pa zojambula za ana.

Wapampando wa bungwe lathu ndi mayi wachitsikana wa mwana mmodzi, kamtsikana ka pa bedi la pazenera, kamene kali ndi chotupa kuseri kwa khutu lamanzere. Mayiyu anzake anamusankha chifukwa safuna kuona chinthu chikusuntha pafupi ndi mwana iye osafunsa. Tsiku lina akuchokera kukatsuka makapu anapeza bambo wachikulire wosamudziwa atawerama pa bedi la mwana wake, akulandira pepala limene mwanayo anajambulapo galu. Galuyo anali ndi khutu limodzi, mchira wokhotera kumwamba, ndi miyendo yosiyana kutalika. Chifukwa chimene anamupatsira khutu limodzi mwanayo sananenepo, ndipo mayi ake mpaka lero alibe mtima wofunsa.

"Pepani bambo, chithunzi cha mwana wanga mukupita nacho kuti?" anafunsa mayiyo, makapu ali m'manja, mtima uli m'mwamba.

"Kuntchito, mayi. Galuyu ndamulemba ntchito, abwana ake avomera," anayankha bamboyo akuloza mwanayo. "Si choncho, abwana?"

"Azibwera naye madzulo," anatero mwanayo. "Amaopa mdima."

Mayiyo sanakhutire. Anawatsatira mpaka ku kachitseko kobiriwira, ndipo m'katimo anapeza khoma lonse lodzaza ndi zojambula za ana: nyumba zopendama, basi ya mawilo mbali imodzi, munthu wa dzanja lalitali kuposa mwendo. Malemu sanakwiye ndi kutsatidwako. Anamukokera mpando n'kumufotokozera pang'onopang'ono, ngati munthu amene alibe kwina kopita.

"Makompyuta sagwirizana, mayi. Ena amawerenga tebulo chopingasa, monga timawerengera kalata. Ena amaliwerenga chotsika, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pamene awiriwo akumana m'pamene pamabisala ngozi, chifukwa tebulo limatha kutembenuzika, mzere wopingasa n'kusanduka wotsika. Tsono anthu ambiri amayesa njerwa ndi matebulo okongola, amene ukawatembenuza amaonekabe chimodzimodzi. Tebulo lokongola ndi labodza, mayi. Likatembenuzika silikuuza. Ine ndimatenga chithunzi ngati ichi, ndimachisandutsa manambala, ndimachilowetsa mu njerwa, n'kuona ngati chituluke mmene chinalowera. Mwana sajambula chinthu chofanana mbali zonse. Galu uyu akatembenuzika, ngakhale mlonda wa pageti aona."

Kuyambira tsiku limenelo, malemu akasintha kanthu pa njerwa zawo ankadutsa pa bedi la pazenera kudzapereka lipoti. "Abwana, galu wanu wadutsa, waima bwinobwino." Mwanayo ankangogwedeza mutu ngati bwana weniweni, ndipo mayi ake, amene sakhulupirira ngakhale sikelo ya namwino asanaiyang'ane yekha, anapeza chinthu chimodzi m'chipatala muno chimene ankachimvetsa ndi maso ake.

Tsopano tifotokoze za mantha athu. Kompyuta yakale yatopa. Imatentha, imalira ngati chigayo, ndipo masiku ano imazima yokha pakati pa mawerengero. Chipatala chinagula yatsopano, ndipo malemu anali mkati mosamutsira njerwa zawo kumeneko pamodzi ndi mnzawo wa ntchito wa zaka zambiri, mayi injiniya amene ana amawatcha Anti a Magalasi. Malemu anali atanena poyera kuti palibe mwana adzawerengeredwe pa kompyuta yatsopanoyo agalu asanadutse, kutanthauza zojambula za ana zija. Imfa inawapeza malemu agalu asanadutse, ndipo dzina loyamba pa mzere wa ana odikira linali la kamtsikana ka pa bedi la pazenera.

M'mawa uliwonse mayi uja amanamizira kukonza chipewa cha mwana wake kuti chala chake chidutse kuseri kwa khutu. Sabata imeneyo chalacho chinamuuza zimene sanafune kumva: chotupa chinali chitakula. Anaimbira bambo a mwana, amene amagwira ntchito kutali, ndipo iwo anangoti, "Iwe ndi amene uli pomwepo, amake mwana. Chimene usankhe, ine ndili pambuyo pako." Mawu abwino, koma atadula foni katundu anatsala pa mutu umodzi.

Tsiku lotsatira la uthenga wa imfa, mkulu woyang'anira zipangizo anatiitana makolo m'khonde. Ndi munthu wabwino, ndipo maso ake anali ofiira ngati athu.

"Makolo, kompyuta yakale yazimanso dzulo," anatero. "Yatsopano yabwera ndi mayeso ake ochokera kwa ogulitsa, tawayendetsa onse, ndipo onse akhoza. Ine ndikulira nawo malirowa, koma chotupa sichidikira maliro. Ndikupempha kuti tiyambe lero, ndi mwana woyamba pa mzere."

"Tiyambe, bwana!" anatero bambo wina woyendetsa basi, amene mwana wake ali pa bedi la pakhomo ndipo tonse timangowatcha a Dalaivala. "Takhala pa mabenchi pano mpaka matako asanduka matabwa. Chinthu chatsopano ndi chatsopano."

Anthu onse anayang'ana wapampando, osati chifukwa cha mpando wake, koma chifukwa mwana woyambayo anali wake. Iye anayang'ana Anti a Magalasi, amene anaima pakona atakumbatira manja, magalasi atachita nthunzi.

"Anti, agalu adutsa?" Mawu ake anatuluka ang'ono ngati a mwana.

"Sanadutse, mayi. Tinapangana kuti tiwadutsitsa limodzi sabata ino." Anti a Magalasi anapukuta magalasi awo. "Mayeso a ogulitsa akhozadi, sindikutsutsa. Koma matebulo awo ndawaona. Onse ndi okongola."

Mayi uja anayeza mbali zonse ziwiri. Akavomera, mwana wake agona pansi pa cheza chowerengeredwa ndi njerwa zimene mwini wake sanaziyese. Akakana, chotupa chipitiriza ulendo wake kuseri kwa khutu, ndipo palibe amene akanamuuza kuti kudikirako kutha liti. Anayang'ana pazenera la wodi n'kuona kachipewa kofiira kakugwedera, mwana akujambula, osadziwa kuti akunenedwa ndi iyeyo.

"Wanga adikira," anatero pomaliza.

"Aa, mayi, inu mukakana mzere wonse uima!" anadandaula a Dalaivala.

"Suima," anayankha mkulu wa zipangizo mofatsa. "Woyamba akakana, timatenga wachiwiri. Wachiwiri ndi wanu, bambo."

A Dalaivala anavula chipewa, anakanda mutu, anachivalanso.

"Koma bwana," anatero, mawu atatsika, "ine basi yatsopano sindikwezamo anthu ndisanaponde mabuleki. Ngakhale ikhale yonunkhira penti. Tadutsitsani agaluwo kaye."

Ena anaseka, kuseka kwa anthu amene misozi ili pafupi. Mkulu wa zipangizo anapuma mozama n'kupereka masana a tsiku lomwelo kuti agaluwo adutsitsidwe.

Amayi, m'kachipinda ka amuna anu zonse zinali mmene anazisiyira: kapu ya tiyi yosatsuka, juzi pa mpando, magalasi owerengera pamwamba pa kompyuta yatsopano. Anti a Magalasi anakana kukhala pa mpando wawo, anagwira ntchito chiimirire. Kamtsikana kaja kanaumirira kuti kakhalepo, kati galu ndi wake, ndipo mayi ake anakanyamula m'chiuno ngakhale kakula. Mkulu wa zipangizo ndi a Dalaivala anaima pakhomo.

Galu analowa mu njerwa yoyamba, natuluka ataima. Analowa mu ina, natulukanso ataima, khutu lake limodzi lili pamalo pake. Mayi uja anayamba kudziimba mlandu mumtima: wachedwetsa mwana wake pachabe, wachedwetsa ana a anzake chifukwa cha mantha ake achibadwa, amene amamudzutsa kukayang'ana loko wa chitseko chimene wakhoma yekha. Kenako Anti a Magalasi anaitana njerwa yaikulu, yochulukitsa tebulo ndi tebulo, imene imanyamula gawo lalikulu la mawerengero a cheza. Chithunzi chinabwera pa sikirini msanga kuposa mmene diso limaphethirira, pakuti kompyutayo ndi yaliwiro ndithu.

"Amayi," anatero mwanayo akuloza, "galu wanga wagona. Khutu lapita uko."

Galuyo anali atagona chammbali, miyendo italoza kukhoma, khutu lili kumene kunayenera kukhala mwendo. Mayi uja sanakuwe. Anangofinya mwana wake pachifuwa mpaka mwanayo anati, "Mukundipweteka," ndipo dzanja lake linapita lokha kukaphimba khutu lamanja la mwanayo, khutu labwino lija. Mkulu wa zipangizo anakhala pansi pa katoni imene kompyutayo inabweramo. A Dalaivala, amene sasowa chonena, anangoti, "Mayo ine," n'kutuluka kukaona mwana wawo.

Anti a Magalasi anatifotokozera kuti njerwa za malemu zinalibe chilema. Cholakwika chinali pa kapulogalamu kolumikizira kamene kanabwera ndi kompyuta yatsopano: polowa kankatembenuza tebulo kuti njerwa iliwerenge, koma potuluka kankaiwala kulibweza. Mayeso a ogulitsa sakanaona zimenezi, chifukwa tebulo lokongola likagona limaoneka ngati laima. Madokotala atiuza, ndipo tikuwakhulupirira, kuti pali miyeso ina imene amachita mwana asanagone pansi pa makina, ndipo mwina ikanagwira cholakwikacho. Liwu loti "mwina" limenelo ndi limene likutisowetsa mtendere mpaka lero.

Dzuwa lisanalowe Anti a Magalasi anali atakonza polumikizira paja, ndipo galu analowanso mu njerwa yaikulu ija n'kutuluka ataima pa miyendo yake yosiyana kutalika. Koma njerwa ndi zambiri, ndipo iliyonse ili ndi makomo angapo olowera. Zonsezo ziyenera kuyesedwa imodziimodzi, ndi galu, ndi basi ya mawilo mbali imodzi, ndi munthu wa dzanja lalitali uja. Chifukwa cha ichi tili ndi pempho kwa inu, amayi, ndi kwa banja lonse. Pa tsiku loika maliro mudzayang'ana pakati pa anthu ndipo simudzamuona mnzawo wa ntchito wa amuna anu, amene anakhala nawo m'kachipinda kamodzi zaka zonsezi ndipo anadyapo pa tebulo lanu. Musadzamuyese wouma mtima. Adzakhala ali chiimirire kumbuyo kwa mpando wa malemu, akumaliza ntchito imene anapangana, akulira yekha kumene kulibe womupukuta misozi, chifukwa m'mawa wotsatira kamtsikana ka pa bedi la pazenera kakuyenera kugona pansi pa makina. Iye anachita manyazi kukuuzani yekha, ndipo ife tinamulonjeza kuti timunenera.

Kwa akuluakulu a chipatala ndi kwa anthu onse tikunena izi ndi ulemu, koma ndi mtima wonjenjemera: nzeru ya njerwazi inali m'mitu iwiri, ndipo lero yatsala m'mutu umodzi, umene nawonso umakwera basi m'mawa uliwonse. Takhala tikuyamika makina aakulu owala, osadziwa kuti aima pa timapulogalamu tosaoneka timene tinkasamalidwa ndi munthu wa jekete lothina kumapeto kwa khonde. Tikupempha kuti papezeke ena ophunzira ntchitoyi kwa Anti a Magalasi nthawi ikadalipo, ndiponso kuti zojambula za ana zisachotsedwe pakhoma paja ndi wina wofuna kupakapo penti, poganiza kuti n'zokongoletsa chabe.

M'malo mwa makolo onse a m'bungwe lathu, amene ana awo akadali m'wodi, amene anabwerera nawo kwawo ali bwino, ndiponso amene anabwerera manja ali m'khosi koma sanaleke kutiyendera, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu mayi athu, kwa ana ndi adzukulu, ndi kwa onse amene imfa imeneyi yawasiya pa mtetete. Munatibwereka bambo anu masiku ambiri amene anayenera kukhala anu, ndipo ife tilibe chobwezera. Mulungu akulimbitseni mawondo pamene afooka, akupatseni tulo pamene nyumba yakula, ndipo bambo athu awalandire kumene kulibe chotupa, kulibenso mzere wodikira.

Wapampando wathu akadali ndi mantha, ndipo sakuyembekeza kuti atha msanga. M'mawa umenewo adzaima kuseri kwa chitseko cholemera cha chipinda cha cheza, kumene makolo saloledwa kulowa, ndipo sipadzakhala wodutsa kudzapereka lipoti kwa abwana. Mwanayo tinamuuza kuti Agogo Njerwa sabweranso. Anapitiriza kupaka galu wina utoto, kenako anafunsa kuti, "Ndiye akudziwa kuti galu wanga wadzuka?" Mayi ake analonjeza kuti auza anthu a kunyumba kwa malemu.

Tsono tikukuuzani inu, amayi, popeza ndinu amene mudzaime pafupi nawo komaliza. Galu anagona, ndipo tinamuona chifukwa iwo anatiphunzitsa poyang'ana. Mukawanong'oneze kuti wadzuka.

Ndife anu pa chisoni chino,

Wapampando,
m'malo mwa Bungwe la Makolo a Ana a mu Wodi ya Zotupa